Ku Nyerere ndi ku Mafia, pasipoti ya Malawi imalipira ngati ya mzungu

Chikhalireni kuno ku Dar es Salaam, foni yanga siipuma wina akatsala pang'ono kukwatira kapena December akayandikira. Pempho ndi lomwelomwelo: "Achimwene, tatipezerani ulendo wotchipa wokaona nyama n'kukasambako kunyanja yamchere." Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye werengani pano nonse.

Pa Songwe mumalowa popanda viza, n'kumadziona ngati mwabwera kwa aneba. Pageti la paki uneba umathera pomwepo. Mitengo ili patatu: wa nzika za mayiko a East African Community, wa alendo okhala muno ndi chilolezo, ndi wa ena onse. Malawi sali m'bungwe limenelo. Inu wa ku Area 25 mulipira madola ofanana ndi munthu wa ku Berlin, ndipo khungu lanu kapena Chiswahili chanu cha pa Karonga sizikuthandizani, chifukwa amafuna aone pasipoti. Limeneli ndi lamulo lolembedwa, sindikulidandaula. Ndikudandaula anthu amene amakubisirani dala kuti mtengo wawo uoneke wabwino.

Mchemwali wanga ndi alamu anga anapeza bambo wina pa Facebook, wa zithunzi za mikango ndi mchenga woyera. Anawauza kuti $650 munthu mmodzi, zonse zatheka: galimoto, malo ogona, kuona nyama ku Nyerere National Park, kenako kuwolokera ku chilumba cha Mafia kukasambira ndi chinsomba chija chamawangamawanga, whale shark. Anatumiza theka ali ku Lilongwe, madola oti inu nomwe mukudziwa mmene akuvutira kupeza kumudziko. Ine ndinangowaperekeza. Munali mu July.

Tinanyamuka m'bandakucha kulowera kummwera, kudzera pa Kibiti mpaka ku Mloka, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Rufiji. Titafika pageti la Mtemere, dalaivala anazimitsa injini n'kutembenuka: "Ndalama zolowera muli nazo?" Alamu anaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala. Dalaivala anatulutsa foni n'kutionetsa zimene bwana uja anamutumizira: ndalama ya mafuta ndi ya galimoto basi. Zolowera, madola opitirira 70 munthu aliyense ataikapo msonkho wa VAT wa 18%, zinali zathu, ndipo chilolezocho sichipitirira tsiku limodzi. Komanso pageti salandira ndalama yapamanja. Khadi la alamu la kumudzi linakana, tinachita kugwiritsa langa, dzuwa likukwera, magalimoto ena akutidutsa. Nditamuimbira mwini ulendo anati, "Bwana, zimenezo aliyense amazidziwa." Aliyense uti? Pa uthenga wake panalembedwa kuti zonse zalipiridwa.

Pakiyo payokha ilibe mlandu. Anaidula ku nkhalango yosungirako nyama ya Selous mu 2019, ndi yaikulu zoopsa, ndipo tinaona kadyamsonga, njovu, ndi mikango itagona pansi pa mtengo osatilabadira n'komwe. Koma bwato la madzulo pa Rufiji, limene linali pa ndandanda, analitchajanso $35 pamutu. Tinaonamo chiyani? Mvuu ndi ng'ona. Mchemwali wanga anangoti, "Si za pa Liwonde zomwezi?"

Za ku Mafia ndiye zinandiwawa kwambiri. Pa zithunzi panali kandege. Ndege ilipodi, kuchokera ku Dar ndi pafupifupi theka la ola, koma ife anatitengera ku Nyamisati, kumatope a kumene Rufiji amathira m'nyanja, kuti tikwere bwato la anthu onse. Miyezi imeneyo kumawomba mphepo ya kusi, yofanana ndi mwera wa pa Nkhata Bay, kungoti mafunde ake ndi a nyanja yaikulu. Maola angapo tili pakati pa matumba a ufa ndi makreti, mchemwali wanga atagwira kapulasitiki pakamwa, ndolo zatsopano zili lendelende. Tinafika ku Kilindoni, doko la pa chilumbacho, kutada. Malo ogona anali ku Utende, ndipo musanafike ku Utende pali geti lina, la paki ya m'madzi imene inakhazikitsidwa mu 1995. Apo inali $23.60 munthu aliyense tsiku lililonse, kaya mwalowa m'madzi kaya mwangogona m'chipinda. Bambo uja anatiika mkati mwa pakiyo osanenapo kanthu. Pofika apa foni yake inali itazimitsidwa, ndipo a pamalo ogonawo anati analandira ndalama ya usiku umodzi wokha.

Titawerengera pobwerera, aliyense mwa awiriwo anali atawonjezera ndalama zoposa $300 pamwamba pa $650 ija. Sindikuphatikizapo basi ya kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Mbeya, kapena chakudya cha m'njira.

Munthu mmodzi yekha anatichitira chilungamo, mkulu wina wa bwato ku Utende, wa imvi m'ndevu. Alamu anamupatsa ndalama kuti atitengere kukaona whale shark, poti n'chimene anabwerera. Mkuluyo anawabwezera m'manja. Anati nsombazo zimaoneka kwambiri kuyambira October mpaka cha mu February, ndipo kumbali ya Kilindoni, osati kwake kuno. Mu July mungolipira kukaona madzi. Anang'amba pepala m'kope la mwana wake n'kulemba: bwato mwakuti, magalasi osambirira mwakuti, chakudya mwakuti. Anatitengera ku Chole Bay kukaona nsomba za m'matanthwe, kenako pa kachilumba ka Chole, pamene mizu ya mitengo yameza makoma a nyumba zakalekale ndipo mileme ikuluikulu imalendewera masana. Madzulo anabweza chenji cha 5,000 shillings chimene ife tinali titaiwala. Anthu otere alipo, koma mumawapeza mutafika, ndipo alibe zithunzi za mikango pa intaneti.

Tsono inu amene mukufunabe kubwera. Musatumize khobidi musanaone pepala lotchula chinthu chilichonse pachokha: zolowera m'paki ndi za masiku angati, ndipo pa mtengo wa gulu liti, ku chilumba mupita pa ndege kapena pa bwato, malo ogona ali mkati mwa paki ya m'madzi kapena kunja. Imbirani malo ogonawo nokha muwafunse ngati akumudziwa munthuyo. Akayamba za "musadandaule, bwana, tikambirana mukafika", dulani foni. Amene akukulonjezani nyengo yabwino ya nyama ndi whale shark mu July yemweyo, ndi wabodza kapena sanafikeko. March mpaka May ndi mvula yamphamvu, misewu ya ku Rufiji imavuta ndipo makampu ambiri amatseka, ndiye mtengo wotsika wa miyezi imeneyo usakukopeni.

Ndipo ndinene mosapsatira: ena mwa inu simukufuna nyama kapena nyanja, mukufuna chithunzi choti a kuntchito akuoneni. Mukukatenga ngongole ku banki nkhonde, ena mpaka katapila, chifukwa cha chithunzi. Ku Liwonde ndi ku Majete Mmalawi ali ndi mtengo wake wotsika, njovu ndi mikango ziliko, ndipo ku Cape Maclear simunapondeko chibadwire. Ngati $1,000 pamutu mulibe, yoti ikapita simulira, kuno musabwere kaye. Alamu anga akubwezabe ya ku banki nkhonde mpaka lero, ndipo bambo uja watsegula tsamba lina ndi dzina lina, zithunzi zake ndi zomwe zija.