MikroTik hAP ac²: kuona shopu uli ku Dar, bola upeze wokutchera

Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Luwinga, ndipo katundu wambiri ndimakaoda ku Dar es Salaam kudzera ku Songwe. Pa router, kabokosi kogawa intaneti, sindinkafunapo Wi-Fi yamphamvu ayi. Ndinkafuna kuti ndikakhala m'basi cha ku Karonga kapena ndili ku msika wa Kariakoo ku Dar, nditsegule foni n'kuona makamera a m'shopu ndi kompyuta yolembera malonda. Kabokosi aka, kopangidwa ndi kampani ya ku Latvia, ntchitoyo kamaigwira, koma sikanyengerera munthu.

Kali ndi mabowo asanu a waya wa intaneti ndi USB imodzi, pomwe ndinabayapo dongle ya 4G. Ukalowa pa adiresi yake ya 192.168.88.1 kapena pa Winbox, pulogalamu yokatcherera, umakumana ndi mamenyu ambirimbiri, oti wongozolowera kulemba password ya Wi-Fi mutu ungamuzungulire. Ine ndinaitana mnyamata wina wophunzira zamakompyuta ku Mzuni.

Atayang'ana IP, nambala ya adiresi ya pa intaneti, yomwe dongle ikulandira, anaona kuti ikuyamba ndi 100.64. "Amayi, nambala iyi si yanu nokha," anatero. "Makampani a mafoni amaika anthu ambiri kuseri kwa IP imodzi, amati CGNAT. Tikatsegula port, khomo lolowera pa router, apa, wochokera kunja sangakupezenibe." Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama, kugula makamera odula kenako n'kumanyoza router.

Chomwe chinathandiza ndi Back To Home, yomwe ili mu RouterOS 7, pulogalamu yoyendetsa kabokosika, pansi pa menyu ya IP Cloud. Imayendera WireGuard, mtundu wa VPN (njira yotetezeka yolowera m'netiweki yako uli kutali), ndipo ngati ulibe IP yakoyako imadutsitsa kulumikizanako pa maseva a MikroTik. Anaiyatsa, ndinajambula QR code ndi foni, basi. Tsopano ndikayatsa VPN foni imakhala ngati ili m'shopu momwemo. Makamera amaoneka, ngakhale kanema amadukaduka netiweki ikafooka. Malisiti a tsikulo amatseguka bwinobwino, ndipo ndi omwe ndimawafuna kwambiri.

Zinthu ziwiri mnyamatayo anakaniratu kuchita. PPTP, njira yakale yolowera kutali, anati njobooka, moti Apple inaichotsa pa iPhone mu 2016. Port ya Winbox, 8291, anaitseka kuti isaonekere kunja, pokumbutsa za bowo la chitetezo la mu 2018 lomwe akuba a pa intaneti ankabera nalo mapassword a ma router osasinthidwa pulogalamu.

Kamalandira magetsi kuyambira 12 mpaka 30 volts, ndiye ndinakalumikiza ku batire ya sola pamodzi ndi makamera, magetsi akazima sikadziwa n'komwe. Chochepa ndi malo osungira, 16 MB yokha, moti pokweza RouterOS osadzazamo zina zosafunika.

Wofuna Wi-Fi ya ana kunyumba asavutike nako. Wa shopu kapena loji agule, koma pa bajeti aikepo ndi ya wotchera, ndipo amuuze asunge backup pa flash asanachoke.