Pasi ya chaka chonse ya ku paki ya masewera: taigula zaka zinayi, chaka chino tasiya

Nyenyezi zitatu pa zisanu. Mukanandifunsa mu 2022 ndikanapereka zonse zisanu mosanyinyirika.

Timakhala ku South Bend, ku Indiana, kumene Amalawi tilipo ambirindithu, ndipo masukulu akatsala pang'ono kutsekera funso limakhala lomweli pa gulu lathu la WhatsApp: kodi pasi ya ku paki njoyenera kugula? Ndatopa kuyankha munthu mmodzimmodzi, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Dzina la pakiyo sinditchula. Amene timakumana kumeneko mukuidziwa, ndipo zimene ndinene mukazipeza pafupifupi kulikonse.

Kwa amene muli kumudzi: awa ndi malo aakulu otchingidwa ndi mpanda, muli akatungwe a makina, ma roller coaster amene amakukwezani m'mwamba n'kukugwetsani chadodolido, ndi maiwe osambira okhala ndi zotsetsereka. Mukalipira pakhomo mumakwera chilichonse. Pasi ndi khadi loti muzilowa nthawi iliyonse osagulanso tikiti. Amati ya chaka chonse, koma kuno kumpoto pakiyo imatsegula cha m'Meyi n'kutseka kumapeto kwa Okutobala, chifukwa miyezi inayo kumakhala chipale. Chakacho ndi cha miyezi isanu ndi umodzi.

Chaka choyamba tinalipira madola 95 munthu mmodzi, tonse anayi 380: ine, bambo akunyumba, chisamba chathu ndi mzime. Pasi inali ya mtundu umodzi basi. Kuimika galimoto kunali momwemo, ndipo aliyense ankapatsidwa tikiti imodzi yaulere yoti abwere ndi mnzake. Chaka chimenecho tinapita maulendo 11. Ndinawerengera: munthu mmodzi ulendo umodzi sankafika ndi madola 9 omwe. Ndikaweruka ku ntchito ya usiku Lachiwiri m'mawa, ndinkagona pang'ono, masana n'kuwalongedza ana m'galimoto, kukafika kumeneko ine n'kukhala pamthunzi iwo ali m'madzi. Sindinaonepo ndalama yondigwirira ntchito ngati imeneyo.

Mu 2023 mtengo unakwera n'kufika 115. Sitinadandaule, zonse zinali zitakwera, ndi mazira omwe. Chaka chimenecho n'chimene kunabwera apongozi kudzationa, ndipo analowa pa tikiti yaulere ija. Ndimawakumbukirabe ataima pansi pa roller coaster yaikulu, chitenje chili m'chiuno, chikwama atachikumbatira pamtima ngati kuti makinawo awalanda. Sitima itadutsa pamwamba pawo anthu akukuwa, anatembenukira mwana wawo n'kunena kuti, "Ndiye anthuwa achita kulipira kuti azikuwa chonchi?" Bambo akunyumba anati, "Eya amayi, ndipo ena abweranso mawa." Anangopukusa mutu. Madzulo tinawanyengerera mpaka anakwera gudumu lalikulu lozungulira pang'onopang'ono lija, ndipo tili pamwamba anayamba kuloza minda ya chimanga imene imaoneka patali, n'kumafunsa kuti mwini wake amapalira bwanji munda wonsewo.

Zinthu zinasintha mu 2024. Pasi ija anaigawa patatu. Yapansi inali madola 110, yooneka ngati yatsika mtengo, koma kuimika galimoto kunachotsedwamo ndipo Loweruka lililonse la mu Julayi simuloledwa kulowa. Yapakati, 150, ndiyo inali ndi zimene tinali nazo kale, kupatulapo tikiti ya mnzako ija, imene inasanduka yochotsera mtengo basi. Yapamwamba inadutsa 200. Bambo akunyumba atawerenga tizilembo tating'ono tapansi anangoti, "Mayi, chikomekome cha mkuyu ichi." Tinatenga yapakati. Mu 2025 yapakatiyo inafika 170, tonse 680, kuphatikizapo ndalama ina imene amangoiwonjezera pomaliza mukamagula pa intaneti, ati ya ntchito yokonza malipiro. Ntchito yake iti, poti zonse ndadina ndekha pafoni yanga?

Chimene chinandipweteka kwambiri si mtengo wa khadilo. Ndi mzere.

Mzime wathu anadikira zaka ziwiri kuti akwanitse mainchesi 48, msinkhu umene makina ambiri akuluakulu amafuna. Chaka chilichonse ankaima pa kandodo koyezera kaja atanyanyamphira, wantchito n'kumuuza mwaulemu kuti atsitse zidendene. Mu 2025 anakwana. Tinalowa pa mzere dzuwa likuswa mtengo, ndipo tinaima ola lathunthu ndi mphindi khumi. Pambali pathu panali kanjira kena kopanda anthu, kodutsa okhawo amene amanga kachingwe ka mtundu wowala padzanja. Ena anadutsa kawiri ife tisanasunthe n'kufika pamthunzi. Mwana anandikoka dilesi: "Amayi, bwanji iwowa sakuima?" Ndinamuuza kuti alipira ina. "Ife sitinalipire?" Tinalipira, mwanangu. Kachingweko tsiku limenelo kankagulitsidwa mtengo woposa tikiti yolowera, munthu mmodzi, tsiku limodzi. Ndipo mzere wathuwo umachedwa chifukwa cha iwowo, poti sitima iliyonse mipando ina amawasungira. Ndiye kuti pasi yanga yakwera mtengo, koma makina amene mwana amakwera pa tsiku achepa.

Paki yathu njaing'ono, siyingafanane ndi zikuluzikulu zija, koma imaonera kwa akuluakuluwo. Disneyland ya ku Anaheim, ku California, itatsegulidwa mu 1955 munthu wamkulu ankalowa ndi dola imodzi, makina n'kumalipira paokha ndi timatikiti ta m'kabuku. Walt Disney World ya ku Florida inayamba mu 1971 ndi madola atatu ndi theka. Mu 1982 timabuku tija anatisiya n'kuyamba zolipira kamodzi pakhomo. Tikiti ya tsiku limodzi ya ku Magic Kingdom, imodzi mwa mapaki a Walt Disney World, inadutsa madola 100 mu 2015, ndipo mu 2016 anayamba kusiyanitsa mitengo malinga ndi tsiku: pa tchuthi ndi kumapeto kwa sabata mulipira yambiri. Ku Disneyland tikiti ya masiku otanganidwa inafika 206 mu Okutobala 2024, pamene yotsikitsitsa inakhalabe pa 104. Imeneyo ndiye nzeru yake: mtengo wapansi amausiya kuti azitha kunena kuti sanakweze, koma masiku ake ndi apakati pa sabata ana ali kusukulu. Zodumpha mzere nazo, zimene ankati FastPass, zinali zaulere kuyambira 1999. Mu 2021 anazichotsa n'kubweretsa zolipira. Chaka chomwecho, mliri wa korona utatseka Disneyland kwa chaka chathunthu, anathetsa mapasi akale n'kubweretsa atsopano otchedwa Magic Key, oti ngakhale muli nayo muyenera kusungitsiratu tsiku. Yapamwamba yake pofika kumapeto kwa 2024 inali madola 1,749 munthu mmodzi.

Amene ananena poyera zimene anzake amangoganiza ndi Selim Bassoul, yemwe anali mkulu wa Six Flags, kampani yokhala ndi mapaki ambiri amtunduwu. Mu 2022, atakweza mitengo, anauza eni masheya kuti mapaki awo anali atasanduka malo otchipa osiyako achinyamata nthawi ya tchuthi. Anthu olowa anachepa kwambiri chaka chimenecho. Nditawerenga ndinaseka ndekha, chifukwa ankanena anthu ngati ine amene. Munthu wobwera maulendo 11 atanyamula chakudya chake si kasitomala amene akumufuna. Akufuna wobwera kawiri, wogula kachingwe, nkhomaliro ndi chidole.

Za chakudya ndisachedwepo. Chakunja salola kulowa nacho, ndipo amasecha zikwama pakhomo. Nkhuku yokazinga tizidutswa titatu ndi tchipisi mtengo wake mungagule nkhuku ziwiri zathunthu kusitolo. Ife tinkasiya mpunga ndi nkhuku m'bokosi lozizira m'galimoto, masana n'kutuluka atatidinda chidindo padzanja, kukadya titatsegula chitseko chakumbuyo. Sitinali tokha. Pamalo oimika magalimoto nthawi ya nkhomaliro mumamva fungo la zakudya za mayiko onse. Kapu yapulasitiki yothiramo zakumwa nyengo yonse ndiyo yokha ndinaona kuti inabweza ndalama yake, ngakhale tsopano ili ndi kachizindikiro pansi koti mukathira mudikire mphindi zingapo musanathirenso. Ndalama yapamanja salandiranso, n'khadi kapena foni basi, ndipo pamenepo ndi pamene ndalama imathera osaiona. Mwana akapempha ayisikilimu umangogunditsa foni, chisoni n'kudzabwera pakutha kwa mwezi.

Chenjerani ndi zolipira pang'onopang'ono. Chaka chachitatu tinasankha zodula mwezi ndi mwezi chifukwa ndalamayo inkaoneka yochepa. Ankadula ndi mu Januwale momwe, pakiyo ili yotseka, makina atakutidwa ndi chipale. Nthawi itatha sanasiye, anangopitiriza okha pa mtengo watsopano, ati zinalembedwa m'mgwirizano. Zinalembedwadi, ndinakazipeza. Kuti ndisiye ndinaimba foni katatu, ndipo ya mwezi umodzi sinabwerere. Madzi akatayika saoleka, koma ndinakwiya sabata yathunthu.

Nanga nyenyezi zitatuzo zachokera kuti? Malowo ndi aukhondo, zimbudzi zomwe, ngakhale tsiku lodzaza. Oyang'anira osambira sachotsa maso pamadzi, ndinaonapo mmodzi akudumphira kamwana kamene makolo ake anali asanazindikire n'komwe kuti kavutika. Antchito ambiri ndi achinyamata, ena ophunzira ochokera kumayiko ena odzagwira ganyu nyengo yotentha, ndipo amaima padzuwa tsiku lonse osakukalipira. Za mitengo si iwo. Makina amawayesa m'mawa uliwonse asanatsegule, ndipo mphezi ikangong'anima patali amaimitsa zonse, anthu ang'ung'udze bwanji. Pasi ilinso ndi ubwino umodzi umene tikiti ilibe: simukakamizika kukhala tsiku lonse. Mvula ikagwa kapena mwana akatopa mumangonyamuka, mtima uli m'malo. Wa tikiti amakhalabe mpaka usiku, ana akulira, kuti ndalama yake iphule kanthu.

Koma ubwino umenewo umafuna kuti muzipitadi. Mu 2025 tinapita kanayi kokha. Chisamba anayamba mpira Loweruka, ine anandisinthira masiku a ntchito, ndipo kunena zoona makina ake ndi omwe aja, ana anawazolowera. Madola 680 kugawa maulendo anayi, kugawanso anthu anayi, ndi 42 ndi theka. Tikiti ya pakati pa sabata yogula pa intaneti inali cha m'ma 45. Tinapindula ya galimoto yokha. Choipa china n'chakuti khadi likakhala m'chikwama limakulamula. Loweruka lina mu Ogasiti panali chinkhoswe cha mwana wa anzathu a kutchalitchi, ndipo ndinadzipeza ndikuwerengera ngati tingachoke msanga kuti tikagwiritseko ntchito pasi. Ndinachita manyazi ndekha. Ndipo musandifunse kuti 680 ingagule matumba angati a feteleza kumudzi, bambo akunyumba anandiwerengera kale, kawiri.

Chilimwe chomwecho anzathu anatikokera ku Holiday World, kum'mwera kwenikweni kwa Indiana, m'katawuni kotchedwa Santa Claus. Ndi paki ya banja limodzi, inayamba mu 1946 ndi dzina loti Santa Claus Land. Kumeneko kuimika galimoto n'kwaulere, zakumwa zoziziritsa kukhosi n'zaulere tsiku lonse, ndi mafuta odzola oteteza kudzuwa omwe. Tikiti yake si yotchipa, koma chimene mwalipira pakhomo chimayandikira chimene mulipire tsiku lonse. Vuto ndi mtunda: kuchokera ku South Bend ndi ulendo wa maola pafupifupi asanu, moti pasi ya kumeneko kwa ife ingakhale yopanda nzeru. Kunangondionetsa kuti n'zotheka kuchita malondawa mwanjira ina.

Ndiye kwa amene mumafunsa pa gulu paja. Ngati mumakhala pafupi, ana anu ali pakati pa zaka zisanu ndi khumi ndi ziwiri, ndipo muli ndi tsiku lopuma pakati pa sabata, gulani, koma mugule kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala pamene amatsitsa ya chaka chamawa, osati mu Juni. Mulipire yonse kamodzi. Musanadine, muone masiku oletsedwa n'kuwayerekeza ndi masiku anu a ntchito. M'banja mmodzi yekha atenge ya galimoto, enanu yapansi, bola muzipita limodzi. Ife tinazindikira zimenezi mochedwa, titalipira ya galimoto kanayi pa galimoto imodzi. Ngati simukuona maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi pa kalendala yanu, zisiyeni.

Chaka chino tagula imodzi yokha, yapansi, ya chisamba, chifukwa akufuna azipita ndi anzake a kusukulu ndipo makolo a mmodzi mwa iwo ndi amene aziwayendetsa. Theka analipira yekha ndi ndalama yotchetcha kapinga wa aneba. Enafe tidzagula matikiti kawiri, Lachitatu, tsiku limodzi mu Juni lina mu Ogasiti, ndipo mzime ndamulonjeza kachingwe kaja pa tsiku lake lobadwa, ka iye yekha ndi bambo ake. Ine ndidzakhala pamthunzi ndi kapu ya chaka chatha, ngati adzailole.