Maphunziro a kiyibodi pa Chitakale, ma sus aja ndawamva tsopano

Miyezi itatu tsopano ndikumapita kwa bambo ena pa Chitakale kukaphunzira kiyibodi Loweruka lililonse, ndiye poti anzanga a kwaya mwakhala mukundifunsa ngati kuli phindu ndati ndingolemba pano.

Ine ndaimba kutchalitchi zaka ndithu koma ndikaona chord (manotsi odinira pamodzi) ya Csus4 papepala ndinkangodina C wamba basi, kumati adziwa ndani. Pa YouTube ndinaonera mpaka bandulo kutha osatolapo kanthu. Bambowa sanayambe ndi zolemba ayi, anati imbani kaye do mi so ngati muli kukwaya. Kenako akuti chotsani mi muikepo fa. Do fa so, ndi sus4 imeneyo, pa C ndiye kuti C, F, G. Mukaika re m'malo mwa mi yakhala sus2, C, D, G. Nkhani yonse yagona pa mi ameneyu chifukwa ndi amene amauza khutu kuti chord ndi major kapena minor, ndiye akachoka chord imangolendewera ngati munthu wanyamula mwendo koma sanaponde. Anandisiya nditadina F uja dala, iwo ali phee kumangondiyang'ana, mpaka m'makutu munayamba kuyabwa, nditatsitsa chala kupita pa E mtima unakhala pansi. Kani ndi zomwe zija anyamata a pa kiyibodi amachita abusa akamamaliza pemphero!

China chomwe chinandidabwitsa nchoti Csus2 ndi Gsus4 manotsi ake ndi amodzimodzi, C, D ndi G, dzina limatengera amene ali pansi ku besi. Ichi ndinakana kaye mpaka ndinawerenga ndekha ndi zala.

Zodandaula zilipo. Kiyibodi yawo ndi yakalekale, kiyi imodzi yakumanzere siilira. Nthawi sasunga, mukapangana 9 koloko dziwani kuti ndi 10, tsiku lina la chiperoni ndinadikira pakhonde mpaka zala kuuma. Magetsi akathima amatulutsa gitala, poyamba zinkandinyansa poti sindinalipirire gitala ine, koma ndi pomwe ndinaona kuti pa chord ya D ukangoonjezera kachala kakang'ono pa fret (mpata wodinapo pakhosi pa gitala) yachitatu ya waya woonda uja yakhala Dsus4, ukasiya wayayo osadina ndi Dsus2.

Ngati mumadziwa kale ma major ndi ma minor pitani, ndalama yake siyoboola mthumba. Woyamba kumene mwina avutikako chifukwa bambowa akatenthedwa amathamanga. Ine Lamulungu lapitali ndinaika ma sus paliponse mpaka amayi a tcheya wa kwaya anandicheukira kawiri, ndiye Loweruka lino ndikawafunse poyenera kuwasiya.