Sire Marcus Miller V7 ndi Epiphone Jack Casady: mugule iti?

Besi, gitala ya mawu apansi ija, ikalembedwa dzina la katswiri pamutu pake, ambirife mtima umadumpha. Timaona ngati tikangoigwira, zala zathu ziyamba kulankhula ngati zake. Ine ndikaona besi yotere ndimafunsa chinthu chimodzi: kodi mwini dzinayo anaikamo chiyani chimene sindingachipeze mu besi wamba ya mtengo womwewo? Pali ena amangosankha utoto n'kusaina, basi. Mabesi awiri amene ndikuwayerekeza pano si otero, ndipo onse ndi a mtengo woti munthu wongoyamba kudziimira pa zoimba angaufikire.

Ndiyambe ndi V7, besi ya kampani ya Sire yokhala ndi dzina la Marcus Miller. Marcus Miller ndi woimba besi uja anaimba ndi Miles Davis komanso Luther Vandross, ndipo mawu amene timamudziwa nawo anachokera mu Fender Jazz Bass ya 1977 imene wokonza magitala Roger Sadowsky anaiikira preamp, kachipangizo ka m'kati mwa besi kokweza ndi kusintha mawu asanafike ku ampu, makina okuzira mawu aja. V7 inatengera komweko: thupi la Jazz Bass, mapikapu awiri (tizipangizo totola kunjenjemera kwa nsambo), khosi lopyapyala lokwana bwino m'dzanja, ndi preamp yotchedwa Marcus Heritage-3 yoyendera mabatire awiri a 9V. Imapangidwa ku Indonesia, n'chifukwa chake mtengo wake ndi wotsikirapo.

Chuma chonse cha besi imeneyi chili mu preamp. Pali mabatani opotokola asanu, awiri mwa iwo ndi osanjikizana, kotero zosintha zilipo 7. Limene ndimalikonda kwambiri ndi la mawu apakati, chifukwa simumangowonjezera kapena kuchepetsa ayi, mumasankhanso malo enieni amene mukufuna kukhudza. Tsiku lina tikukonzekera m'chipinda chamakoma osapaka kanthu, besi yanga inkangomira m'phokoso la kiyibodi ndi ng'oma, ngati munthu akulankhulira m'mbiya. Sindinakweze ampu. Ndinapotokola mphete yapansi ya batani lija pang'onopang'ono uku ndikubwereza noti imodzi, mpaka inatulukira poyera, woimba ng'oma n'kucheuka. Pa mabesi a mtengo uwu, ochepa kwambiri angakuchitireni zimenezo.

Palinso kaswitchi kakang'ono kozimitsira preamp kuti besi iziimba yopanda mabatire. Musakapeputse. Mukaiwala waya uli chilumikizire usiku wonse, mabatire amatha, ndipo akafooka pakati pa nyimbo, kaswitchi kameneka ndi kamene kamakuchotsani manyazi.

Zovuta zake zilipo. V7 ndi yolemera, zambiri zimapitirira makilogalamu 4, ndipo mukaimirira nayo maola atatu phewa limadziwa. Gulani lamba wotambalala. Chachiwiri, preamp yake ndi yamphamvu moti wongoyamba kumene amatha kukweza mawu apansi mpaka sipika kuyamba kulira mokakamizika. Imafuna dzanja lodekha: yambirani mabatani onse pakati, muzisuntha pang'ono pokha.

Epiphone Jack Casady ndi mtundu winanso. Casady, woimba besi wa magulu a Jefferson Airplane ndi Hot Tuna, anakonda besi ya Gibson Les Paul Signature ya m'zaka za m'ma 1970, ndipo anagwirizana ndi kampani ya Epiphone kuti aiukitse, koma ndi pikapu yomukomera iyeyo. Zotsatira zake ndi besi yathupi lalikulu, lamphako m'kati, yodziwika ndi utoto wagolide, yokhala ndi pikapu imodzi yokha pakati. Mabatire palibe. Pali batani la voliyumu, la toni, ndi switchi ya malo atatu: 50, 250 ndi 500. Pa 50 mawu ndi oyera ndi ofewa, ofanana pang'ono ndi besi yaikulu yoimirira ija. Pa 500 amanenepa, amayamba kubangula, makamaka mukakoka nsambo mwamphamvu.

Ndinena mosabisa kuti mawu a Casady amandikhudza mtima kuposa a V7. Mukaikoka musanalumikize n'komwe ku ampu, mumamva thabwa likunjenjemera pamimba panu, ndipo kunjenjemera komweko kumatulukanso m'sipika. Ikani nsambo zosalala za flatwound, muimbe nyimbo yodekha ndi zala, noti iliyonse imakhala ndi mpweya wake. Pojambula nyimbo imalowa bwino popanda kuikonzakonza.

Koma mawu amenewo ndi amodzi. Okoma, inde, koma amodzi. Mukafuna slap (kumenya nsambo ndi chala chachikulu n'kuzikoka) yothetheka, yolasa m'makutu ngati ya Marcus, Casady sikupatsani, chifukwa ilibe pikapu ya kufupi ndi buliji (pamene nsambo zimamangirira pathupi) kumene kumachokera kuthwa kumeneko. Thupi lake n'lopepuka poyerekeza ndi khosi, ndiye mukangoisiya m'manja mutu umaweramira pansi, dzanja lamanzere n'kumagwira ntchito ziwiri, kuimba ndi kuchirikiza. Ndipo popeza ndi yamphako, mukaima pafupi ndi ampu yokwezedwa kwambiri imatha kuyamba kulira yokha. Thupi lalikululo limavutanso kulipezera chikwama chokwana.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangogula besi yopanda dzina la munthu, monga Squier Classic Vibe Jazz Bass. Funso labwino. Imeneyo ndi besi yokhulupirika, ya mavoliyumu awiri ndi toni imodzi, yosavuta kukonza. Ngati mabatire ndi mabatani ambiri amakusokonezani, tengani imeneyo ndipo simudandaula. Chimene mukulipirira pa V7 si siginecha, ndi preamp ija, imene mukati muigule payokha n'kulipira woiika mu Squier, ndalama yake ikhala ina ndithu. Pa Casady mukulipirira kapangidwe kamene simungakapeze mwa kungosintha zida mu besi ina.

Tsono ndi iti? Ngati besi imene mukugulayi ikhala yokhayo m'nyumba, ndipo lero mukuimba reggae, mawa gospel, mkuja funk, tengani V7. Ndalama zikaperewera, mng'ono wake V3 alinso ndi preamp ya Heritage-3, kungoti matabwa ndi zitsulo zake n'zotsikirapo. Casady ndi ya munthu amene ali kale ndi besi ina yogwirira ntchito, kapena amene anadzipeza kale kuti iye ndi wa mawu onenepa, a blues ndi rock yakale, ndipo slap alibe nayo ntchito.

Iliyonse mwa ziwirizi, musaiyese mutakhala pampando pokha. Ikani lamba, imirirani nayo mphindi khumi, musiye manja onse muone kumene mutu ukulowera. Kenako yendetsani chala m'mbali mwa khosi kuchokera kumutu mpaka kuthupi, mumve ngati nsonga za mafureti, tizitsulo topingasa pakhosipo, zikukanda.