RAM ya Corsair Vengeance LPX 32GB: ndemanga yanga patatha miyezi isanu ndikukonzera mavidiyo

Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati, chilanga mulilo, matebeto ndi ma kitchen party kuno ku Lusaka. Ndimagwirira m'kachipinda kuseri kwa nyumba ku Chilenje. Kompyuta ndinailumikiza ndekha: purosesa ndi Ryzen 5 3600, motherboard ndi ya B450, ndipo kwa nthawi yaitali munali RAM imodzi yokha ya 8GB (RAM ndi malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo). Pa mavidiyo a 1080p inkayesetsa ndithu. Mavuto anayamba nditagula kamera ya 4K, imene mavidiyo ake ndi olemera kwambiri kuposa a 1080p.

Imene inandigwetsa ulesi ndi vidiyo ya Kulamba. Mu Ogasiti ndinapita kwathu ku Katete, ku Mkaika, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ndinabwerako makhadi a kamera atadzaza. Gule akalowa m'bwalo fumbi limachita kobo, miyendo imathamanga, ndiye kuti udule pamalo oyenera umafunika kutsata ng'oma chithunzi ndi chithunzi. Kwa ine zinakanika. Ng'oma inkamveka patsogolo, chithunzi n'kumabwera m'mbuyo modukizadukiza. Nditatsegula Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, ndinapeza RAM yadzaza yonse, Windows ikubwereka malo pa disiki, ndipo disiki ngakhale ikhale yachangu ya mtundu wa SSD siingathamange ngati RAM. Eni ake a Premiere Pro, pulogalamu imene ndimakonzera mavidiyo, amanena poyera kuti pa HD pamafunika 16GB, pa 4K 32GB. Ine ndinkasenzetsa njinga katundu wa lole.

Poyamba ndinafuna kudutsa chidule. Ndinagula 8GB ina pa kashopu kena m'tauni, yosakhala m'bokosi, wogulitsa atanditsimikizira kuti RAM ya mtundu wa DDR4 ndi DDR4 basi. Inalowa, kompyuta inayaka, koma ma RAM awiriwo anali osiyana kampani ndi liwiro lomwe. Zikatero onse amatsikira pa liwiro la wochedwayo. Zimenezo ndikanapirira, koma kawiri pa sabata imodzi sikirini inasanduka yabuluu, kompyuta n'kuima, ndili pakati pa ntchito ya ukwati wa anthu. Kuthamanga sikufika, akuluakulu sananame. Ndalama ija inapita, ndipo zinandipweteka chifukwa inali ya thukuta.

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndawerenga buku la motherboard yanga, kenako ndinayenda m'mashopu angapo cha ku Cairo Road. Mnyamata wina anandionetsa DDR5. "Bwana, tengani iyi, ndiye yatsopano," anatero. Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, board yanga ndi ya AM4, imeneyo siilowa." Onse awiri, DDR4 ndi DDR5 a desktop, ali ndi mapini 288, koma kampata ka pansi kali pamalo osiyana, ndiye ukakakamiza umangothyola zinthu. Ina imene muyenera kusamala nayo ndi SO-DIMM, yaifupi ija ya laputopu, chifukwa pa zithunzi za otsatsa pa Facebook zimaoneka ngati zofanana.

Ndinasankha Corsair Vengeance LPX, ma RAM awiri a 16GB m'bokosi limodzi, DDR4-3200, CL16. Nambala ya CL ija ambiri saiyang'ana, chonsecho ndi imene imasiyanitsa ma RAM olembedwa 3200 mofanana. Imanena nthawi imene RAM imadikira isanayankhe, ndipo yaing'ono ndiye yabwino. CL16 pa 3200 ndi ma nanosecond 10, pamene CL22 pa liwiro lomwelo ndi pafupifupi 14. Panalinso ina ya DDR4-3600 CL18 yokwererapo mtengo, koma ukawerengetsa imadikiranso ma nanosecond 10 omwewo. Imanyamula zambiri pang'ono pa sekondi, inde, koma pa ntchito yanga kusiyanako sikunafanane ndi ndalama yoonjezerayo. Za magetsi amitundumitundu amene ma RAM ena amakhala nawo sindinaziganizire n'komwe. Bokosi la kompyuta yanga limakhala pansi pa tebulo, ndipo mkwatibwi akabwera kudzatenga vidiyo yake safunsa ngati RAM ikuwala. Chinanso chimene ndinaikondera LPX n'chakuti ndi yaifupi, pafupifupi 34 mm, moti inalowa bwinobwino pansi pa fani yaikulu ya purosesa popanda kuchotsa kanthu.

Mtengo sindiulemba pano chifukwa umayendera dola, lero wina mawa wina. Yerekezani m'mashopu atatu kapena anayi, ndipo funsani mtengo wa bokosi la awiri, osati wa imodziimodzi.

Kuika sikunanditengere mphindi khumi. Ndinazimitsa, kuzula chingwe, kupemerera fumbi la mu Okutobala limene linadzaza m'kati, n'kugwira chitsulo cha bokosi ndisanakhudze RAM. Board yanga ili ndi malo anayi, ndipo buku limati awiri aikidwe pa A2 ndi B2, kutanthauza malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa. Akakhala pamenepo amagwira ntchito ngati misewu iwiri m'malo mwa umodzi, ija amati dual channel. Ukawagundanitsa pamodzi mbali imodzi, umataya ubwino umenewu chonsecho walipira kale.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna aliyense amve, chifukwa anzanga awiri ojambula ndinawapeza nalo vuto lomweli osadziwa. Nditayatsa koyamba, Task Manager inaonetsa 2133 MHz, osati 3200. Mtima unagunda, ndinkaganiza kuti andigulitsanso zabodza. Ayi, ndi mmene imayambira. Umalowa mu BIOS, momwe umasinthira zochunira za motherboard, n'kuyatsa XMP yotsegula liwiro lonse la RAM, imene pa ma board a ASUS a AMD imatchedwa DOCP, ndipo imakwera pa 3200 ndi mphamvu ya 1.35V. Mnzanga wa ku Kabwata anakhala chaka chathunthu RAM yake ikuyenda pa 2133. Nditasintha zimenezi ndinaika MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa flash n'kuisiya usiku wonse magetsi alipo, ndipo m'mawa ndinapeza palibe cholakwika ngakhale chimodzi.

Tsopano zimene zasintha. Timeline ya 4K, pamene ndimadulira vidiyo, ikuyenda mosadukiza, ngakhale nditaika makamera awiri ndi kukonza mitundu. Ndimatsegula Premiere Pro, Photoshop yopangira chikuto, Chrome ndi WhatsApp nthawi imodzi, ndipo RAM imasewera pa 20GB mpaka 24GB. Apa m'pamene ndinaona kuti 16GB ikanandiperewerabe. M'miyezi isanu sikirini yabuluu ija sinabwerenso. Kwa ife kuno zimenezi n'zazikulu. Chiyambire chilala cha 2024 chimene chinaphwetsa madzi ku Kariba, tinaphunzira kuwerengera maola a magetsi, ndipo akabwera pakati pa usiku sufuna kutaya theka la ola ukudikira kompyuta iyambirenso.

Koma musagule poganiza kuti kurenda kufulumira kwambiri. Kwa ine nthawi yotulutsa vidiyo yomaliza inatsika pang'ono chabe, chifukwa ntchito imeneyo amaisenza ndi purosesa ndi graphics card. RAM yandipatsa mtendere pa nthawi yodula ndi kulumikiza, imene ndi yochuluka pa ntchito yonse. Ukwati umodzi ndimaudula masiku atatu, kurenda n'kwa ola limodzi kapena awiri. Ngati RAM yanu siidzaza mukamagwira ntchito, ndalamayo ikaikeni pa SSD kapena pa graphics card, ndipo kudziwa zimenezi n'kosavuta: tsegulani Task Manager ntchito ili m'kati muone nokha.

Ndikuipatsa nyenyezi zisanu. Amene ali ndi board ya DDR4 ndipo akudula 4K pa Premiere Pro kapena DaVinci Resolve, 32GB imeneyi imukwanira. Corsair imapereka waranti ya moyo wonse wa chipangizocho, choncho risiti ndi bokosi ndazisunga mu kabati. Vidiyo ya Kulamba ija ndinaimaliza, ndipo amalume ku Katete anaionera pa foni ya mdzukulu wawo, phazi la gule likugwa pamodzi ndi ng'oma.