Ndinayenda Bagamoyo wapansi ndi wotionetsa malo

Nditafika ku Bagamoyo, pafupifupi makilomita 70 kumpoto kwa Dar es Salaam, ndinkaganiza zongodziyendera ndekha. Kumalo ogona anandiuza kuti ndisayese, chifukwa nyumba zambiri zakale zilibe chikwangwani chofotokoza kanthu. Ndiye ndinalipira bambo wina wachikulire woonetsa alendo, ndi mashilingi a ku Tanzania, ndipo ndalamayo sindikuidandaula.

Tinayambira kudoko m'mamawa, asodzi akutsitsa nsomba ndipo amisiri akukhoma zombo zamatabwa pamchenga. Bamboyo analoza nyanja nati apa ndi pomwe ankathera anthu onyamula minyanga ya njovu kuchokera ku Ujiji kudzera ku Tabora, pamodzi ndi akapolo opita kumsika wa ku Zanzibar. Dzina la tawuniyi anati likuchokera ku mawu a Chiswahili akuti bwaga moyo, kutanthauza kutula mtima pansi. Ena amati anali mawu a onyamula katundu opuma atafika, ena amati anali a kapolo wotaya chiyembekezo. Iye sanasankhe mbali, ndipo ndinamulemekeza pa chimenecho.

Chimene amachidziwa bwino ndi anthu a m'tawunimu. Ankaima pa chitseko chosema nkunena kuti umu munali Mwarabu wa ku Oman, umu Mmwenye, kwinaku akutchula Azaramo, Adoe ndi Aswahili omwe ali pano mpaka lero. Anandionetsa sukulu yansanjika yomwe wamalonda Sewa Haji anamanga mu 1896 kuti ana a mitundu yonse aziphunziramo. Za Ajeremani anadutsapo mwachangu: likulu lawo linali pano, analisamutsira ku Dar es Salaam mu 1891 chifukwa doko la kuno ndi losaya, ndipo njanji itayambira komweko mu 1905, Bagamoyo anazirala.

Kumishoni ya Akatolika, yomwe ansembe a Holy Ghost anatsegula mu 1868, ndi komwe ndinakhala nthawi yaitali. M'nyumba yosungiramo zakale muli maunyolo a akapolo, ndipo panja pali mlambe waukulu wobzalidwa mishoniyo itangoyamba. Kenako tinaima pansanja yomwe mtembo wa David Livingstone unagonekedwa mu February 1874. Iye anafera kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, mu May 1873. Antchito ake anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, thupi analiumitsa ndi mchere ndi dzuwa, nkulinyamula miyezi 9 mpaka kunyanja kuno.

Bamboyo anatchula Susi ndi Chuma, omwe anatsogolera onyamula mtembowo, asanatchule mzunguyo. Ndinamuuza kuti James Chuma anali Myao, womasulidwa m'manja mwa ogulitsa akapolo mu 1861 ali mwana, kumapiri a Shire. Anangoti "Ndithu, mayi?", natulutsa kabuku kake kong'ambikang'ambika m'thumba, nalemba. Misozi inalengeza m'maso mwanga, poganiza kuti mnyamata wopulumuka goli uja anadzafika ndi miyendo yake padoko lomwe anzake ankakwezedwa m'zombo.

Chodandaula changa ndi chimodzi. Pobwerera anandilowetsa m'sitolo ya ziboliboli ya mnzake, mphindi zambiri zinathera pomwepo, ndipo mabwinja a Kaole, komwe kuli mzikiti ndi manda a zaka za m'ma 1200, tinafikako dzuwa litatentha kale, ine nditatopa. Mukamutenga, muuzeni kuti muyambire ku Kaole, ndipo nyamulani madzi.