Mapu a pakhoma: yang'anani kaye mzere wa pa nyanja

Mapu okutidwa pulasitiki amene amapezeka m'mashopu a mabuku muno mu Zomba ndi olimba, ndipo maina a maboma amawerengeka bwino. Koma musanalipire, yang'anani kumpoto kwa Nyanja ya Malawi. Mapu ena amalemba mzere wa malire pakati pa madzi, monga imanenera Tanzania. Malawi imatsamira pa pangano la Britain ndi Germany la 1890, lomwe linaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa. Mkanganowu unafika povuta mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta, choncho aphunzitsi asapachike mapu otere m'kalasi osawafotokozera ana. Kumbali ya Mozambique mzere wa pakatiwo ngoyenera, potsatira pangano la Britain ndi Portugal la 1954. Onaninso ngati Likoma ndi Chizumulu zili ndi utoto wa Malawi, poti pa mapu aang'ono zimangokhala timadontho.